Za ng'oma ya chubu ija, imvani kwa mwini wake

Poti kavidiyo kafika kale mpaka kwa abale a ku Moatize, ndiloleni ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wina. Sanakomoke munthu ayi, ameneyo ndi bodza. Ndipo chipewa cha apongozi chinapezeka, chilibwino, kungoti chikununkha tayala basi.

Ng'oma ija ndi ya malemu agogo, mbalule yeniyeni, mtengo wake ukadali gwa koma chikopa makoswe anachita nacho phwando kalekale. Amalume anati tipite nayo ku Domwe kwa mkulu wina wodziwa kukunga, ine ndinati ayi amalume, ndalama imeneyo bola tiwonjezere mpunga wa paukwati. Komanso ganizani, kukunga kwenikweni kumafuna chikopa cha ng'ombe, uchiviike chifewe, uchikoke chikadali chonyowa, ukhome zikhomo kuzungulira kenako udikire chiume. Ukwati wa mlamu wanga unali Loweruka, apa n'kuti lili Lachitatu. Inuyo mukanatani?

Ndiye ndinathamangira pa Ulongwe kwa anyamata omata matayala aja, pamsewu wopita ku Calómuè, n'kugula chubu chakale cha lole pa 100 metikali. Zikhomo ndinalibe, ndinazula masipoko a njinga yanga ija inafa chaka chatha, n'kukulunga ndi waya wa mabuleki, kukoka mpaka m'manja matuza. Anthuni inaoneka bwino, yakuda bii, yosalala ngati yochokera kusitolo. Nditayiyesa kuseri kwa nkhokwe inangoti "bufu". Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndi kuzizira, paja mu Julaye kuno ku Angónia ngakhale ng'oma yachikopa imalira ngati yagwidwa chimfine.

Usiku wa mchezo oyimba anasonkha kamoto kaudzu kuti awambe ng'oma zawo zilire bwino, monga mwa nthawi zonse. Ine ndinangochoka pang'ono kukatunga thobwa. Kamnyamata kena kaulemu kwambiri kanaona kuti ng'oma ya alamu yatsala yokha ikuzizidwa, kanayinyamula n'kukayiloza kumoto pamodzi ndi zinzake. Apa ndiye muone kuti cholakwa si changa chonse, ndani sadziwa kuti mphira ndi moto sizigwirizana?

Chinayamba ndi fungo. Amayi kumaphikidwe akufunsana kuti akuwotcha matayala ndani paukwati. Ndikutembenuka ndi chikho m'manja ndinangomva sipoko imodzi kuti thwa! inzake thwa! kenako onse pamodzi ngati mbuliwuli mu chiwaya, chubu chonse chija ndinachikoka ndi mphamvu zanga zonse n'kuuluka. Ndikunenetsa, ndinachiona chikupita pang'onopang'ono, chakuda, chotambasuka ngati mleme waukulu, chinadutsa pamwamba pa ana, chinalambalala ankhoswe, chinasiya anthu onse odzadza bwalo n'kusankha munthu m'modzi yekha, apongozi anga aamuna, ali phee pampando wawo wandalema. Chinangotenga chipewa chokha, mwaulemu, osakhudza khutu, n'kupita nacho mumdima cha kumunda wa mbatatesi.

Dazi lija anthu akuti palibe analionapo chithereni nkhondo mu 1992. Linawala. Moto wa udzu uja unkaonekera pamenepo ngati pagalasi, ng'oma zonse zii, ngakhale agalu anasiya kulimbirana mafupa. Iwo osadzidzimuka n'komwe, anayamba amaliza kaye kumeza thobwa linali mkamwa, anaika chikho pansi, anakweza dzanja pang'onopang'ono kupapasa pamutu, kumanja, kumanzere, kubwereranso pakati ngati mwina chipewa changosuntha malo. Ine mkamwini, munthu woti ndikakumana nawo panjira ndimapatukira kutchire, ndili njo pakati pa bwalo, thobwa likuchucha pansapato, kumbuyo kwanga mtengo wa ng'oma ukugubuduka wokha kulowera kumiphika ya nyama.

Kenako anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu, "Akamwini, kodi ng'ombe ya chikopa chimenechi inali ya matayala angati?"

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko, mayi akunyumba anathawira kukhitchini ndipo mpaka lero akandiona ndagwira waya amandilanda. Koma ine ndimanenabe kuti nzeru ija sinali yoipa kwenikweni, akanapanda kuyiwamba bwenzi ikulirabe, "bufu" yemwe uja koma ikulira. Ndipo amene munajambula kavidiyo munayambira pakati, simunaonetse m'mene inkaonekera masana isanaphulike.

Ng'oma ili ku Domwe tsopano, amalume anapita nayo okha osandiuza, ndalama ndalipira ndine. Chubu chinatsala theka ana akudulamo malegeni. Ngati pali amene ali ndi masipoko apadera andiuze, njinga ija ndimafuna nditayikonzanso.