Mmene tinayendera mapepala a ukwati ndi mkazi wanga wa ku Tanzania

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti achimwene, inu munatani kuti ukwati wanu ndi mlamu wa ku Mbeya uja ukhale wovomerezeka ku boma, ndiye ndati ndingolemba zonse pamodzi. Ku Mzuzu kuno nkhaniyi siyachilendo, pitani pa Taifa Market muone mabanja angati osakanikirana, koma ambiri amathera pa malowolo ndi madyerero basi, mapepala n'kuwasiya. Ine zimenezi zimandidandaulitsa chifukwa tsiku likadzabwera vuto, kaya maliro kaya za ana kaya za Immigration, amene amavutika kwambiri ndi mlendoyo.

Chinthu choyamba, yambani ndi pepala la kwawo kwa mnzanuyo, osati la kuno. Limatchedwa certificate of no impediment, ndi kalata yochokera ku boma la kwawo yotsimikiza kuti munthuyu sali pa banja lina ndipo palibe chomuletsa kukwatiwa kapena kukwatira. Ku Tanzania limachokera ku RITA, bungwe lomwe limaona za kubadwa, imfa ndi maukwati kumeneko. Ife a kuno sitingalifulumizitse, limayenda pa nthawi yawo, ndiye mkazi wanga anabwerera kwawo kukalitsatira yekha limodzi ndi setifiketi yake ya kubadwa, ine ndili kuno kukonza zanga. Akanakhala kuti anakwatiwapo kale pakanafunikanso pepala la khothi losonyeza kuti banja lija linatha, kapena setifiketi ya imfa ngati mwamunayo anamwalira. Mawu apakamwa oti "tinasiyana kalekale" ku ofesi sagwira ntchito.

Zanga zinali zochepa, chiphaso cha unzika cha NRB chija ndi mafotokope ake basi, ndinangoonetsetsa kuti sichinathe mphamvu.

Atabwera nawo mapepala tinakhala pansi kufananitsa mayina chilembo ndi chilembo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Anzathu a ku Tanzania amalemba mayina atatu, lake, la bambo ake ndi la agogo kapena la mtundu, ndiye sizichedwa kuti pepala lina likhale ndi chilembo chosiyana ndi pasipoti. Kwa ife dzina lapakati linasiyana chilembo chimodzi chokha. Tinapita kwa loya yemwe ndi commissioner for oaths m'tauni momwemu, mkazi wanga analumbira kuti mayina awiriwo ndi munthu mmodzi, loyayo anatidindira afidaviti, nkhani n'kutha. Mukazisiya zoterezi zimakakutulukirani pa setifiketi ya ukwati penipenipo, ndipo setifiketi ikalakwika dzina mudzavutika nayo kulikonse komwe mudzaitulutse. Komanso pepala lililonse lomwe lili m'Chiswahili mokha limafunika kulimasulira m'Chingerezi ndipo womasulirayo asayine, osangomupatsa mnzanu wa pa msika kuti alembe pamanja.

Kenako tinapita kwa kalembera wa maukwati. Lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015, ndipo limavomereza ukwati wa ku boma, wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, wa chikhalidwe, ngakhalenso wongokhalira limodzi nthawi yaitali, ngakhale umenewo mpaka khothi litsimikize. Ife tinasankha wa ku boma, uja timati wa kwa DC, chifukwa setifiketi yake ndi yomwe maofesi a kunja savuta nayo. Koma dziwani kuti umenewu ndi wa mkazi mmodzi mwamuna mmodzi, mitala ayi, ndipo nonse mukhale oti munakwanitsa zaka 18. Amalume anga atamva za mitalazo anandiyang'ana n'kuti, "Mphwanga, walingalira bwino?" Ndinati eya amalume, ndalingalira, ndi yemweyu basi.

Mayi amene anatithandiza pa ofesipo anaona pasipoti, chiphaso changa ndi mapepala onse aja, tinalemba fomu ya notisi ndi kulipira, risiti musataye. Notisi ija amaimata pa bolodi masiku 21 kuti aliyense wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo abwere adzanene. Ena amaona ngati kuchedwetsa anthu koma ine ndimagwirizana nazo, alipo azimayi ambiri amene anangomva kuti amuna awo amanga ukwati wina kutauni iwo ali kumudzi ndi ana. Masikuwo akatha popanda wodandaula amakupatsani chilolezo, ndipo ukwati uchitike isanathe miyezi 3, apo ayi muyambiranso notisi.

Tsono pamene anthu ambiri amagwa ndi pa masiku a mu pasipoti. Munthu wa ku Tanzania safuna viza polowa ku Malawi, koma pa chipata cha malire cha Songwe amamudindira masiku ake okhalira ngati mlendo, nthawi zambiri 30. Muchotsepo 21 a notisi aja, muonjezepo oyendera kwa loya ndi kusaka mboni, muona kuti atsala ochepa zedi. Ife tisanafike kumapeto tinapita ku ofesi ya Immigration ya kuno ku Mzuzu kukaonjezera masiku, ndipo zimenezi chitani chidindo chisanathe, osadikira kuti tikafotokoza kuti tili pa zaukwati. Tsiku la ukwati mnzanuyo akhale kuti ali m'dziko muno movomerezeka.

Tsikulo lenilenilo silinatenge nthawi, mboni ziwiri zokhala ndi ziphaso zawo, kumbali yanga amalume omwe ndi ankhoswe, kumbali yake achimwene ake omwe anabwera pa basi kudzera ku Karonga ndi pasipoti yawo. Tinalonjezana, tinasayina, setifiketi m'manja. Za malowolo tinali titamaliza kale ku Mbeya ndipo dalitso la ku tchalitchi linabwera pambuyo, abusa anangopempha fotokope ya setifiketiyo.

Setifiketi ya ukwati si chilolezo chokhalira m'Malawi, ndipo simusandutsa mkazi kapena mwamuna wanu nzika tsiku lomwelo. Tinabwereranso ku Immigration kukayamba za pemiti yokhalira ngati mkazi wa Mmalawi, tili ndi setifiketi ija, pasipoti, zithunzi ndi kalata yanga yomuikira kumbuyo. Ngati mukufuna ukwatiwo udziwikenso kwawo, setifiketi muipititse ku unduna wa zakunja ku Lilongwe akaidinde, kenako ku ofesi ya kazembe wa dziko lawo, ya Tanzania ilinso ku Lilongwe komweko. Musanakwere basi ya ku Lilongwe pangani mafotokope angapo a pepala lililonse, loya awadinde, chifukwa pafupifupi ofesi iliyonse imatsala ndi kope yake.