Kuyankha mafunso a loya utalumbira, ulibe wokuyimira

Mlandu umene ndikuyankha ku Khoti Lalikulu kuno ku Lilongwe ndi wa poloti ya ku Area 25, imene munthu wina akuti anagula ine ndisanagule, ndipo popeza ndalama zimene maloya ankafuna zinali zondikulira, ndakhala ndikudziyimira ndekha. Chimene ndikufuna anzanga achidziwe n'chakuti mlandu wotere umakomera kapena kukuipira pa pepala la umboni limene umasayina, tsiku lokaonekera pamaso pa woweruza lisanafike n'komwe.

Ku America maloya amayitana munthu n'kumufunsa mafunso atalumbira kunja kwa khoti, mlandu usanayambe, zonse zikulembedwa. Kwathu kuno, malinga ndi malamulo oyendetsera milandu yotere ku Khoti Lalikulu amene anayamba kugwira ntchito mu 2017, umboni wako umalembedwa kaye n'kuperekedwa kukhoti komanso kwa mbali inayo, ndipo tsiku la mlandu loya wawo amakupanikiza ndi mafunso ochokera pa zimene unalembazo. Iye amakhala atawerenga mzere uliwonse, atayerekeza madeti ndi malisiti, pofuna malo pamene mawu ako akusemphana. Pa chifukwa chimenechi, munthu asasayine pepala lolembedwa m'Chingerezi ndi mnzake womuthandiza asanamve tanthauzo la chiganizo chilichonse, chifukwa akasayina, mawuwo ndi ake, ndipo kunama utalumbira ndi mlandu wina paokha.

Mafunso akayamba, loya amakonda kunena chiganizo chake n'kukufunsa kuti, "Si choncho, bambo?" Mtima umafuna kufotokoza mbiri yonse kuyambira tsiku limene unaona polotiyo koyamba, koma mawu ochuluka ndi amene amamupatsa pogwira. Ine ndimamvetsera funso mpaka lithe, ndimayankha chokhacho chimene ndafunsidwa, ndipo ngati deti sindikulikumbukira ndimanena mosabisa kuti sindikukumbukira, m'malo mongoganizira. Kupempha kuti funso libwerezedwe, kapena kuti loyayo akuonetse kaye pepala limene akulitchula, si mwano. Amene Chingerezi chimamuvuta apemphe womasulira n'kulankhula Chichewa chake momasuka, pakuti ndaona anthu akuvomera zinthu zimene sanazimve chifukwa chochita manyazi, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri.

Woweruza amatha kukufotokozera ndondomeko ya khoti, koma sangakuuze chonena, chifukwa ayenera kukhala pakati. Makalaliki nawonso amangokuuza malo operekera mapepala. Palinso gawo la kukambirana pamaso pa woweruza mlandu usanazengedwe, kuti mwina mbali ziwirizo zigwirizane, ndipo munthu ayenera kupitako atadziwa kale zimene angalole ndi zimene sangalole.

Sindikulimbikitsa aliyense kudziyimira yekha ngati pali njira ina. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau, limene lili ndi ofesi muno mu Lilongwe, limathandiza anthu osowa ndalama ngakhale pa milandu ya malo ndi ngongole, litaunika kapezedwe kawo, ngakhale kuti maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo. Pitaniko tsiku limene mwalandira masamoni, mutanyamula mapepala anu onse, chifukwa masiku oyankhira akadutsa inu muli chete, khoti likhoza kugamula mokomera wodandaulayo lisanamve mbali yanu.