Lachitatu la tenoni yogwedera

Lero ndinadzuka mochedwa, amama anandigwedeza kawiri konse koma thupi linakana, dzulo tinagona pakati pa usiku kudikira madzi pampopi. Ndinangosamba kumaso ndi miyendo, ovolosi m'chikwama, kambatata kadzulo m'manja, ulendo. Ya njinga ndinalibe ndiye kuchoka kukomboni kwathu ku Nabvutika mpaka kusukulu ndi wapansi basi, kupikisana ndi azimayi opita kumsika wa Kapata ndi madengu a repu pamutu. Pageti ndinapeza atatseka kale, chilango chake kutola mapepala kuseri kwa ofesi, zazing'ono izo.

Masamu ndidumphe, palibe chokamba. Tinakhala atatu padesiki monga mwa masiku onse, chiyambire sukulu yaulere mu 2022 kalasi yathu inadzaza moti wobwera mochedwa amalembera pabondo, ndipo lero wa pabondoyo ndinali ine kwa theka la piriyodi mpaka mnzanga atandisendezera.

Nkhani ili ku wekishopu. Wiki ino tikupanga miyendo ya katebulo, aliyense joini yake ya motisi ndi tenoni, uku uboole bowo lamakona anayi uku useme lilime loti likalowe m'bowomo. Pomva ndi zophweka. Titangovala maovolosi cha m'ma 10 hours malaiti phethi, makina onse zii, anyamata ayamba kudandaula, koma a sir ndiye anachita kumwetulira ngati alandira malipiro. Ati makina apumule, lero tione manja. Iwo nthawi zonse amati chilala cha 2024, pomwe madzi anatsika kudamu la malaiti la Kariba malaiti n'kumasowa tsiku lonse, chinasiyanitsa akalipentala enieni ndi odina mabatani. Ndiye sowo, tchizulo, sikweya yoyezera makona, geji yolembera mizere pathabwa ndi pulena, basi. Matchizulo akuthwa alipo asanu ndi limodzi ife tili makumi atatu ndi kadontho, ukapeza yako umaikumbatira ngati mwana, ukangoika pansi kuti ukande mphuno wina watola kale.

Ine ndinathamanga, ndivomere. Ndimafuna ndimalize ndisanalandidwe sowo. Ndinajambula bwinobwino koma pocheka ndinapita pamzere penipeni, osasiya mzerewo kumbali ya tenoni, ndiye sowo inadya kanyama kamene kamafunika kutsala. Kangachepe bwanji, mbali ziwiri kakuphatikizana. Nditalowetsa inangoti lowu yokha popanda ndi kumenya komwe, ine mumtima ndati ndapambana. A sir anafika, ananyamula, anagwedeza pafupi ndi khutu lawo n'kuitana kalasi yonse.

"Tabwerani mumve. Iyi ikugwedera ngati dzino la mwana wa giredi wanu. Iwe mtsikana, ukufuna guluu akugwirire ntchito yako?"

"Iyayi a sir."

"Tebulo iyi akaikapo poto wa nsima, ndani adzalipire chipatala?"

Anthu anaseka, makamaka mnyamata wina amene chiyambire Grade 10 amanena kuti atsikana tikanapita ku zophika. Tilipo anayi chabe atsikana m'kalasi ya matabwa. Misozi inafika apa koma ndinaimeza, kulira ndi utuchi kumaso sizigwirizana.

Anandipatsa kathabwa kena ka paini, kotsala, kali ndi mfundo kumapeto, ati ukaononga aka ukagule kako. Ulendo uno sindinathamangire munthu. Tenoni imayenera kukhala gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa thabwa, ndinatchera geji molingana ndi tchizulo, ndinalemba mbali zonse kuchokera ku nkhope imodzi yomweyo, n'kucheka mzere ndikuuona uli chilili pambali pa sowo. Inakana kulowa. Ndinasenga pang'ono ndi tchizulo, tizipalapala topyapyala ngati khoko la anyezi, kuyesa, kusenganso, kuyesa, mwina kasanu. Kenako ndi nyundo yamtengo go, go, go, ndipo pomaliza kulira kwake kunasintha, kunamveka kodzaza, mapewa a tenoni atakhala pathabwa popanda mpata ngakhale wolowa chikhadabo. Ndinainyamula mwendo umodzi m'mwamba osagwa, guluu mulibe. A sir anabwera, anagwedeza, anaika sikweya, anayang'ana kuwala ngati kukudutsa, n'kulemba kanthu m'buku mwawo n'kupita pabenchi ina. Osanena ngakhale liwu limodzi mwandi. Koma ife timawadziwa, akakhala chete ndiye kuti zili bwino. Ya mnyamata uja inang'ambika pomenya chifukwa anaipanikiza, ine sindinaseke, ndinangoyang'ana nthawi yaitali kuti aone kuti ndaona.

Pa buleki tikugula zitumbuwa pampanda wina wa kalasi ya sayansi anati a mapulanga afika, tchingani zakudya fumbi. Izi zimandinyansa kuposa za a sir. Anthu amaganiza kuti mbali ya ntchito zamanja amaponyako amene mutu unakana, chonsecho Chingerezi ndi masamu a ECZ, bungwe la mayeso a sukulu, tidzalemba omwewo tsiku lomwelo, ife n'kuonjezapo trade test, mayeso a luso la manja a bungwe la TEVETA, pamwamba. Iwo pepala limodzi ife awiri. Sindikunena kuti pepala ndi ntchito, amalume ali nalo lawo la zomanga koma amakhalira maganyu, komabe munthu asandiseke ndi chitumbuwa chogula ndi ndalama ya atate ake.

Za trade test zandikumbutsa ambuya. Malevo ake amayenda chobwerera, umayamba 3 kenako 2, wapamwamba ndi 1. Tsiku lina ndinawauza pafoni kuti 3 ndinakhoza manje ndikulimbana ndi 2, iwo anakhala chete kenako ati usadandaule mdzukulu wanga, kubwerera kalasi si imfa. Mpaka lero amandipempherera kuti ndibwerere ku 3.

Madzulo ndikufika kunyumba ndapeza amama andigulitsa kale kwa aneba, ati mwana wanga ndi kalipentala, chitseko chanucho achiona. Chitseko chake chimakhula pansi, potsegula mpaka kuchinyamula. Abambo a m'nyumbamo anali atabwereka kale sowo kuti adule kunsi. Ndinayang'ana, vuto silinali kunsi, ndi hinjesi yapamwamba, mabowo a masikuluu anakula masikuluuwo n'kumangozungulira. Ndinapempha machesi, ndinathyola mitu, timitengoto ndinaviika mu kaguluu kamene ndimasunga m'kabotolo ka mankhwala, kukhoma m'mabowo, kudikira pang'ono, kubwezera masikuluu. Sikuludiraiva panalibe ndinamangira mpeni wakukhitchini. Nthawi yonseyi abambo aja aima kumbuyo kwanga manja m'chiuno, "mwanawe, machesi zoona?" Chitseko chinatseka kuti khatha osakhudza simenti. Anatsegula, anatseka, anatsegulanso, katatu konse ngati pali matsenga, kenako ati zasukuluzi nazo, n'kulowa m'nyumba. Akazi awo ndi amene anandipatira K20 m'manja ndi kambale ka nsawa.

K20 ija amama atengapo K10 ya sopo, ati ndalama yoyamba imadyedwa ndi makolo. Yotsalayo ndi ya njinga mawa, sinditolanso mapepala. Chikhatho chamanja chatuluka thuza pamene pamakhala chigwiriro cha tchizulo, likuwawa ndikamalemba apa. Malaiti sanabwerebe, foni yatsala 9 peresenti ndipo mawa kuli tesiti ya masamu imene sindinatsegule ndi buku lomwe.