Mmene ndinapezera mpingo, kenako malo anga m'kwaya

Ndinakhala miyezi 7 wopanda mpingo. Ntchito inandisamutsira kudera lomwe sindinkadziwako munthu, ndipo Lamulungu lililonse ndinkadzuka, kusamba, kuvala, kenako n'kukhala pampando Baibulo lili pamiyendo, osadziwa kolowera. Kumene ndinachokera ndinayamba kuyimba kwaya ndili ndi zaka 12, moti kusowa koyimbira kunkandiwawa ngati dzino. Ndikulembera inu amene mawu muli nawo, mtima wotumikira muli nawo, koma khomo lolowera simukuliona.

Poyamba ndinkasaka ndi makutu okha. Ndikamva kiyibodi ikulira bwino ndili panja, ndinkalowa. Tchalitchi choyamba chinali ndi oyimba aluso kwabasi, ndipo ndinakhala kumbuyo mtima ukudumpha. Pa nyimbo yachitatu ndinayang'ana uku ndi uku. Anthu anali chilili, ena atakweza manja, ena akujambula ndi foni, koma milomo yawo inali yotseka. Nyimbo zinali zachilendo kwa iwo, zokwera kwambiri, ndipo masipika ankagunda mpaka pachifuwa moti ngakhale mawu angawa sindinkawamva. Ndinatuluka nditasangalala, koma ndisanapembedze. Kwachiwiri, m'bale wina anandimva ndikuyimba ndipo mapemphero atatha anandigwira dzanja: "Achemwali, Lamulungu likubwerali mudzaime nafe kutsogolo." Ndinakondwa tsiku lonse. Usiku ndi pomwe ndinazindikira kuti sanandifunse kumene ndachokera, ngati ndinabatizidwa, ngakhale mmene moyo wanga ulili. Anafuna mawu anga, mwini mawuwo asanamudziwe, ndipo zimenezo zinandiopsa.

Apa m'pamene ndinasintha kasakidwe. Ndinadziikira lamulo loti mpingo uliwonse ndizipitako masabata atatu otsatizana, kuphatikizapo mapemphero amodzi a pakati pa sabata. Lamulungu limodzi limanamiza: mwina mwapeza mlaliki wobwera, mwina mwapeza tsiku la chikondwerero. Koma mapemphero a Lachitatu madzulo, pomwe pali anthu 15 ndipo palibe woimba gitala, amakuonetsani mpingo mmene ulili. Ulaliki ndinkaumva Baibulo lili chitsegulire, monga ankachitira a ku Bereya pa Machitidwe 17:11, amene ankasanthula malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zomwe akumvazo zilidi choncho. Mlaliki akawerenga vesi limodzi n'kulitaya, ola lonse n'kumakamba za iye mwini, ndinkadziwa kuti pamenepo sindikhalitsa.

Ndinaphunziranso kufunsa, paja safunsa anadya phula. Mipingo imasiyana pa zinthu zenizeni. Akatolika, Aanglikani ndi Apresibateriya amabatiza ndi makanda omwe, pamene Abaptisti ndi Apentekoste ambiri amabatiza munthu wovomereza yekha, pomumiza m'madzi. Kwina ulamuliro uli m'manja mwa mabishopu, kwina mwa akulu a mpingo osankhidwa, kwina mpingo wa pamalopo umadzilamulira wokha. Woyimba angaganize kuti izi n'za abusa, koma Akolose 3:16 amati tiziphunzitsana ndi kuchenjezana ndi masalimo, nyimbo zotamanda ndi nyimbo zauzimu. Ndiye kuti woyimba ndi mphunzitsi, ndipo sungaime kutsogolo kuika m'kamwa mwa anthu chiphunzitso chomwe iwe sukuchikhulupirira. Ndinkafunsanso mafunso awiri omwe ena amachita nawo manyazi: kodi ndalama za chopereka zimawerengedwa poyera kwa akhristu, ndipo kodi abusa akalakwa, amawadzudzula ndani? Kumene ankayankha momasuka, mtima wanga unkakhala pansi.

Mpingo womwe ndilimo lero ndinaupeza pa ulendo wachisanu ndi chimodzi. Ndi waung'ono, ndipo tsiku limenelo woimba kiyibodi sanabwere. Mkulu wa mpingo anatchula nambala ya nyimbo, mayi wina kutsogolo anang'ung'udza noti yoyambira, ndipo tchalitchi chonse chinanyamuka pamodzi. Abambo kumbuyo kwanga anagwira besi osauzidwa ndi munthu. Pambali panga panali agogo ena aakazi okhala ndi buku la nyimbo lakale, chikuto chake chomatidwa ndi tepi. Ataona kuti ndilibe buku, anasendera pafupi, n'kuliika pakati pathu, chala chawo chikuyenda pansi pa mzere uliwonse kuti ndisasochere. Mawu awo anali onjenjemera, koma sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Pa ndime yachitatu ndinalephera kupitiriza chifukwa cha misozi.

Kuyambira pamenepo muyeso wanga ndi umenewu: kodi anthu a m'mabenchi akuyimba? Si nkhani yaing'ono. Martin Luther anaikira nyimbo m'chilankhulo cha anthu wamba kuti mpingo wonse uziyimba, ndipo mabuku oyamba a nyimbo za Chilutera anatuluka mu 1524. Ku Geneva anagwira ntchito zaka zambiri mpaka mu 1562 masalimo onse 150 anaikidwa mwa ndakatulo zoti anthu aziyimba. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, wa mabishopu a Akatolika, nawonso mu 1963 unalimbikitsa kuti akhristu onse azitenga mbali pa chipembedzo, pa kuyimba pomwe. Anthu anavutikira kuti nyimbo ikhale m'kamwa mwa agogo ngati aja, ndipo ine sindifuna kutumikira m'njira yowalanda.

Nditatha masabata asanu ndinapita kwa mkulu wa mpingo kukanena kuti ndikufuna kulowa. Anandiuza kuti ndiitanitse kalata yosamukira ku mpingo wanga wakale. Ngati muli ndi kumene munachokera, yambani msanga kuitanitsa kalatayi, chifukwa yanga inatenga masabata 6, ndipo nthawi yonseyo ndinali mlendo. Podikira ndinalowa kalasi ya ofuna kukhala mamembala, Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri. Kenako ndinakaonana ndi abusa. Anandifunsa za ubatizo wanga, za banja langa, za chifukwa chomwe ndinachokera kwathu kuja, ndiponso ngati ndinasiyako mangawa kapena mkangano. Pomaliza anati, "Nanga inu mukufuna kutumikira pati?" Ndinayankha mosachedwa kuti m'kwaya. Anamwetulira n'kunena kuti, "Chabwino mwana wanga. Koma mukalandiridwa, mukhale kaye pabenchi miyezi itatu. Muwadziwe anthu amene mudzawayimbitse."

Zinandipweteka, sindibisa. Ndinali nditayimba zaka zoposa 15, ndipo ndinkaona ngati akundikayikira. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. M'miyezi imeneyo ndinalowa kagulu ka mapemphero a pakati pa sabata, ndinayenda ndi amayi kukaona odwala, ndinasesa nawo m'tchalitchi. Ndinadziwa bambo amene anaferedwa mkazi chaka chomwecho, mtsikana amene ankasaka ntchito, ndi agogo aja amene ndinamva kuti maso awo ayamba kuchita khungu, nyimbo zambiri amangoziyimba pamtima, ndipo chala chija ankachiyendetsa chifukwa cha ine. Lero ndikaima kutsogolo sindiona chigulu cha anthu. Ndimaona nkhope zomwe ndikudziwa zimene zasenza.

Tsiku loyesedwa mawu linali Lachinayi madzulo, m'tchalitchi muli ine ndi akwayamasitala basi. Ndikufotokozereni mwatsatanetsatane kuti musadzachite mantha. Choyamba anandiuza kuti ndiyimbe nyimbo iliyonse yomwe ndimaidziwa, popanda chida. Ankamvetsera ngati ndimaliza pa kiyi yomwe ndayambira, chifukwa ambiri timatsika pang'onopang'ono osadziwa. Kenako anakhala pa kiyibodi n'kumakwera noti imodziimodzi, ine ndikutsatira ndi "aa", mpaka pomwe mawu anayamba kuuma, n'kutsikanso mpaka pomwe anazilala. Anaimba manoti atatu kuti ndibwereze, kenako asanu. Anaomba m'manja kamayendedwe kena kuti nane ndiombe chimodzimodzi. Chomaliza ndicho chinali chovuta: iwo anayimba sopulano mokweza pafupi ndi khutu langa, ine n'kugwira alito osatengeka.

Atamaliza anati, "Achemwali, ndani anakuikani ku sopulano?" Ndinati ndakhala kumeneko chiyambire. Anandionetsa pa kiyibodi kuti mawu anga amakhala mwamtendere kuyambira pa G wa m'munsi mpaka pa C wa pamwamba, ndipo kupitirira apo ndimakankha ndi khosi, n'chifukwa chake ndinkasasa mawu Lamulungu lililonse madzulo. Anandiika ku alito. Kwa munthu wozolowera kunyamula nyimbo, alito ndi sukulu yatsopano. Nthawi zina umakhala pa noti imodzi mzere wonse pamene anzako akukwera ndi kutsika, ndipo palibe amene amatuluka m'tchalitchi akung'ung'udza mbali yako. Koma ukaichotsa, nyimbo imamveka yopanda mnofu. Kumeneko n'komwe ndinaphunzira kumvetsera ena ndikuyimba, chinthu chomwe zaka zonse zija sindinkachidziwa.

Kwaya yathu imawerenga nyimbo mwa solofa, zilembo zija d r m f s l t. Njira imeneyi anaiyambitsa Sarah Glover wa ku Norwich ku England, ndipo m'busa John Curwen anaikonzanso n'kuifalitsa kuyambira m'ma 1840 pofuna kuti anthu wamba ndi ana aziwerenga nyimbo mosavuta. Mizu yake imafika kwa Guido wa ku Arezzo, mphunzitsi wa nyimbo wa ku Italy, pafupifupi zaka 1,000 zapitazo. Ubwino wake ndi woti "do" amasuntha: pamwamba pa pepala pamalembedwa kiyi, ndipo mukangopatsidwa "do" wanu, mtunda wa pakati pa manoti sumasintha. Madontho ndi timizere ta pakati pa zilembo ndito timakuuzani kutalika kwa noti. Ine ndinkajambula mbali ya alito pa foni nthawi ya pulakatisi, n'kumaimvera pochapa ndi popita kuntchito, pepala ndikuliyang'ana ndikapeza mpata. Patatha miyezi inayi ndinayamba kuwerenga ndekha nyimbo yomwe sindinaimvepo.

Malamulo ndi ochepa koma sapindika. Pulakatisi ndi kawiri pa sabata, ndipo wojomba ya Loweruka sayimba Lamulungu, kaya mawu ake ndi okoma chotani. Tsiku langa loyamba akwayamasitala anatiwerengera 1 Mbiri 25, pomwe Davide anapatula ana a Asafu, Hemani ndi Yedutuni kuti azitumikira ndi nyimbo. Onse ophunzitsidwa bwino analipo 288, ndipo pogawa ntchito anachita maere mofanana, wamng'ono ndi wamkulu, mphunzitsi ndi wophunzira. Anatikumbutsanso Kenaniya wa pa 1 Mbiri 15:22, amene anaikidwa kutsogolera nyimbo chifukwa anali waluso. Luso ndi lofunika, anatero, koma waluso nayenso amadikira maere ake. M'kwaya mumabuka tinsanje, makamaka pa nkhani ya yemwe apatsidwe maikolofoni, ndipo ndaona kuti mawu amenewa amatizimitsira moto usanakule.

Za maikolofoni anandiphunzitsa ndi mnyamata wa pa mikisa, makina aja owongolera mawu opita ku masipika. Muigwire pafupi ndi pakamwa koma osaphimba mutu wake ndi dzanja, musailozetse ku sipika chifukwa ndi pomwe imalira mokwiyitsa muja, ndipo mukafuna kukweza mawu muitalikitse pang'ono. Muzifika msanga kuti ayese mawu anu anthu asanalowe. Ndipo muzimuthokoza, chifukwa anthu amamukumbukira pokhapokha zinthu zikalakwika.

Patatha miyezi 8 anandipatsa mpata wotsogolera nyimbo imodzi. Ndinasankha yatsopano yomwe ndinaikonda pa intaneti, ndinaiika pa kiyi ya D chifukwa ndi pomwe mawu anga ankamveka bwino, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse ndinkapotokola mawu mokometsera. Ndinayimba ndi mtima wonse, maso ali chitsinzinire. Nditatsegula, ndinaona agogo aja ataima chete, buku lili pachifuwa, akudikira kuti ndimalize. Abambo anali atayesa mzere woyamba n'kusiya. Ndinali nditachita zomwezo zimene zinandithawitsa ku tchalitchi choyamba chija.

Akwayamasitala sanandinyoze. Anandiitanira pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Munayimba bwino achemwali, koma munayimba nokha." Lachinayi tinakhala pansi n'kuikonza. Anandifotokozera kuti anthu ambiri osaphunzira kuyimba amamasuka kuyambira pa C mpaka pa D wa pamwamba pake, ndipo nyimbo yanga pa kiyi ya D inkatsikira pa A, pomwe mawu a ambiri amazimirira. Tinaikweza kufika pa F, noti yotsikitsitsa n'kukhala C, yokwezetsa n'kukhala D. Kwa ine inali yothina pang'ono, koma kwa mpingo inali pabwino. Zopotokola zonse tinachotsa. Tinalemba pomwe anthu azipumira. Kenako kwaya inaiyimba masabata awiri nthawi ya chopereka kuti ilowe m'makutu, ndipo sabata lachitatu ndinaiphunzitsa mzere ndi mzere, ine kuyimba iwo kubwereza, mawu ake nditawawerenga kaye momveka chifukwa cha amene saona bwino.

Lamulungu lachinayi tinaiyimba yonse. Ndime yoyamba ndinaitsogolera maso ali otsegula. Pa yachiwiri ndinatsitsa maikolofoni mpaka m'chiuno, ndipo nyimbo inapitirira yokha: besi ya abambo kumbuyo, ana kutsogolo akuthamangira pang'ono, agogo aja akuyimba pamtima mutu uli m'mwamba. Ine ndinabwerera ku alito, n'kuyimba nawo chapansipansi mpaka ndime yomaliza.