Sitima zitatu za ku Southampton, ndi momwe tidasankhira imodzi

Chaka chamawa ine ndi bambo a kunyumba tikwanitsa zaka 25 tili m'banja, ndipo tidagwirizana kalekale kuti chikondwerero chake sichidzakhala cha mu holo chophikira anthu mazana, koma ulendo wa sabata imodzi pa sitima yapamadzi, awiriwiri. Timakhala kufupi ndi Southampton, doko lomwe sitima zikuluzikulu za alendo zimanyamukira kuno ku England, moti tikapita kumeneko Loweruka timaziona zitakocheza, zazitali kuposa nyumba zosanja zambiri za mumzindawo. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikuyerekeza sitima zitatu zomwe zimanyamukira padokoli: Queen Mary 2 ya kampani ya Cunard, Iona ya P&O Cruises, ndi MSC Virtuosa. Ndaganiza zolemba zomwe ndapeza chifukwa amayi angapo akutchalitchi kwathu akhala akundifunsa, ndipo ambiri amayamba ndi funso lomwe inenso ndidayamba nalo, loti yaikulu kwambiri ndi iti.

Sitima yoyamba yomwe ndidakwera m'moyo mwanga idali Ilala, ndili mtsikana, popita kukaona azakhali ku Likoma. Ilala idapangidwa ku Scotland mu 1949, nkubwera nayo m'zidutswazidutswa, ndipo idayamba ntchito pa nyanja yathu mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52, pomwe Queen Mary 2 ndi mamita 345, kutanthauza kuti mutandanda ma Ilala asanu ndi imodzi, mutu ku mchira, sangafikebe kumapeto kwake. Komabe Ilala idandiphunzitsa chinthu chomwe ndachigwiritsa ntchito kwambiri pa miyezi itatuyi. Anthu awiri angathe kunyamuka pa Nkhata Bay pa sitima imodzi, ola limodzi, koma wina nkufika atagona pabedi, wina atakhala usiku wonse pa thumba la chimanga pansi penipeni pafupi ndi injini, ndipo mukawafunsa za ulendowo adzakuuzani nkhani ziwiri zosiyana kotheratu. Malo omwe wagona ndi kuchuluka kwa anthu omwe ukugawana nawo malowo ndiye ulendo weniweniwo.

Phunziro limeneli ndidaliiwala zaka zinayi zapitazo, pomwe tidakwera sitima ina pa ulendo waufupi wa masiku atatu. Tidasankha chipinda chotsika mtengo kwambiri, chopanda zenera, ndipo tidalola kuti kampaniyo itisankhire yokha nambala ya chipindacho. Idatiika kutsogolo kwenikweni, pansi pa malo ovinira. Nyimbo zinkagunda mpaka usiku kwambiri, mafunde ankatinyamula ndi kutitsitsa, ndipo bambo a kunyumba adakhala tsiku lathunthu ali ndi nseru ndi chizungulire, osalawa kanthu. Titatsika tidapezanso kuti ndalama zoonjezera, za zakumwa, intaneti ndi zothokozera antchito, zidakwera kuposa momwe tinkaganizira. Ulendo uno ndidatsimikiza mtima kuti ndiwerenge zonse ndisadapereke ndalama iliyonse.

Chiwerengero choyamba chomwe chidandithandiza si kukula kwa sitima pakokha, koma kukula kwake pogawa ndi anthu okwera. Makampani amalemba kukula kwa sitima m'matani, koma matani amenewa sayeza kulemera, amayeza malo a mkati mwa chombocho. Queen Mary 2 ili ndi matani pafupifupi 149,000 ndipo imanyamula alendo pafupifupi 2,700. Iona ndi yaikulu kuposa pamenepo, matani pafupifupi 184,000, koma imanyamula alendo 5,200. Mukagawa mupeza kuti pa Queen Mary 2 munthu mmodzi amapeza matani pafupifupi 55, pomwe pa Iona amapeza pafupifupi 35. Kusiyana kumeneku ndi komwe mumakumva m'thupi mukamadikira chikepe, mukamafunafuna mpando padzuwa, kapena mukaima pamzere wa chakudya cham'mawa. Muchenjerenso ndi ziwerengero ziwiri zomwe sitima iliyonse imakhala nazo. MSC Virtuosa, ya matani pafupifupi 181,000, imanyamula anthu pafupifupi 4,800 akagona awiriawiri m'chipinda, koma mabedi onse oonjezera akadzaza, monga zimachitikira ana akatsekera sukulu kumapeto kwa July ndi mwezi wonse wa August, chiwerengerocho chimapitirira 6,300. Sitima ndi yomweyo, koma moyo wa m'kati mwake umasintha ndithu.

Mtima wanga udali pa Queen Mary 2, ndipo sindibisa. Idayamba ntchito mu January 2004, idapangidwa ku Saint-Nazaire m'dziko la France, ndipo ndi yosiyana ndi zinzake chifukwa adaipangira kuoloka nyanja ya Atlantic nyengo iliyonse, osati kuyendayenda m'madoko a m'madera ofunda. Mphuno yake ndi yaitali ndi yosongoka, thupi lake ndi lolimba ndipo limalowa m'madzi mozama, choncho imadula mafunde m'malo mokankhidwa nawo, zomwe kwa munthu ngati bambo a kunyumba ndi nkhani yaikulu. Ulendo wake wodziwika ndi wochoka ku Southampton kupita ku New York, masiku asanu ndi awiri osaima paliponse. Poyamba ndinkaganiza kuti sabata yonse osaona mtunda ingakhale yotopetsa, koma nditawerenga ndondomeko ya tsiku ndi tsiku maganizo anga adasintha. Muli laibulale ya mabuku zikwi zingapo, muli chipinda choonetsera nyenyezi ndi zakuthambo, muli akatswiri okamba nkhani zosiyanasiyana m'mawa, ndipo masana amapereka tiyi m'chipinda chachikulu chovinira chotchedwa Queens Room, operekerawo atavala magolovesi oyera. Pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri pali khonde la matabwa lozungulira sitima yonse, pomwe munthu angayende akuyang'ana madzi okhaokha. Popita ku New York amabweza wotchi ola limodzi usiku wa masiku asanu mwa masikuwo, moti tsiku limakhala la maola 25. Kwa ine amene ndagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba kwa zaka zambiri, kugona kokhala ndi ola loonjezera kudandikoka mtima kuposa china chilichonse.

Pali zinthu ziwiri zomwe munthu ayenera kuzidziwa asadaikonde kwambiri sitimayi. Choyamba, malo odyera madzulo amatengera chipinda chomwe walipira: ambiri amadyera ku Britannia, pomwe a zipinda zodula ali ndi malo awoawo, Princess Grill ndi Queens Grill. Izi zidandikumbutsa makalasi a pa Ilala, ngakhale kuti pano mbali yaikulu ya sitima ndi ya aliyense. Chachiwiri, kavalidwe ka madzulo ndi nkhani yeniyeni, ndipo pamakhala mausiku ena oti abambo avale suti yakuda, amayi madiresi aatali. Ine zimenezi ndimazikonda, ndipo ndidali nditaganizira kale nsalu yomwe ndingasoketse. Amene akufuna kabudula ndi patapata sabata yonse angamve kupanikizika.

Chomwe chidatseka njira ya ku New York si ndalama ya tikiti koma pasipoti. Tonse awiri tili ndi mapasipoti a Malawi, ndipo chilolezo chokhala ku Britain sichikulowetsa ku America. Pamafunika viza, yomwe kupempha kokha ndi madola 185 munthu mmodzi, ndipo mu August 2025 boma la America lidayamba kufuna kuti anthu a mapasipoti a Malawi ndi Zambia opempha viza ya alendo azipereka chikole chofika mpaka madola 15,000. Kuonjezera apo, ulendowu ndi wopita kokha, choncho pamafunikanso tikiti ya ndege yobwerera. Ndikupempha abale anga onse amene akuganizira ulendo wotere kuti ayambe ndi pasipoti yawo asadayambe kusirira zithunzi. Timabuku totsatsa malonda timalembedwa poganizira anthu a mapasipoti a Britain, ndipo kampani ingathe kukukanizani kukwera ngati mulibe viza ya dziko lomwe sitima ikaime, ngakhale mutanena kuti simudzatsika.

MSC Virtuosa sindidachedwe nayo. Ndi yatsopano, ya 2021, ili ndi msewu wa masitolo ndi malo odyera pakati pake wofoleredwa ndi denga la magetsi osinthasintha zithunzi, ili ndi malo otsetserekera m'madzi, ngakhalenso loboti yosakaniza zakumwa. Mitengo yake kawirikawiri imakhala yotsikirapo. Tikadakhala kuti tikupita ndi ana athu ali aang'ono, bwenzi nditaisankha mosakayika, chifukwa mwana sangasowe chochita m'menemo. Koma ife tikufuna bata, ndipo phokoso ndi lomwe lidatiwonongera ulendo woyamba uja.

Tatsala ndi Iona. Idapangidwa ku Papenburg m'dziko la Germany, idayamba kunyamula alendo mu August 2021, ndipo imayendera gasi wosandutsidwa madzi m'malo mwa mafuta akuda omwe sitima zambiri zakale zimagwiritsa ntchito. M'miyezi yotentha imachoka ku Southampton kupita ku Norway nkubwerera pakatha masiku asanu ndi awiri: tsiku limodzi panyanja popita, masiku anayi m'madoko, tsiku lina panyanja pobwerera. Madoko ake amasinthasintha, koma kawirikawiri pamakhala malo ngati Stavanger, Olden, Ålesund, Haugesund kapena Hellesylt. Chokopa chachikulu ndi ma fjord, zigwa zakuya zomwe madzi oundana adakumba kalekale ndipo nyanja idalowamo, moti sitima imayenda pakati pa mapiri awiri otsetsereka, mathithi akugwa mbali zonse. Geirangerfjord, yomwe ili pafupi ndi Hellesylt, idalembedwa ndi UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, mu 2005 kukhala malo a cholowa cha dziko lonse lapansi. Ku Stavanger sitima imakocheza pakati penipeni pa mzinda, pafupi ndi tinyumba takale ta matabwa topaka utoto woyera, choncho munthu angatsike nkuyenda wapansi osalipira basi. Kuchokera ku Olden anthu amapita kukaona madzi oundana a Briksdal.

Ndavomereza kuti anthu 5,200 ndi ambiri, ndipo ndikudziwa kuti tsiku la panyanja mvula ikagwa aliyense amathamangira m'kati, makamaka pansi pa denga lagalasi lotchedwa SkyDome. N'chifukwa chake tasankha kupita mu June, sukulu zisadatsekere, pomwenso ku Norway kumawala mpaka usiku kwambiri. N'chifukwa chakenso tatenga chipinda chokhala ndi khonde. Pa ulendo wina ndikadati ndalama ya khonde ndi yongowononga, koma pano sitima imalowa m'ma fjord mbandakucha, ndipo ndikufuna kuona mapiriwo nditafunda bulangeti, kapu ya tiyi ili m'manja, osalimbirana malo ndi munthu. M'zipinda za P&O mumakhala ketulo, kanthu kakang'ono komwe kwa ine kali ndi phindu. Nambala ya chipinda tasankha tokha, ngakhale kutero kumakweza mtengo pang'ono. Chili pakati pa sitima ndi m'munsi ndithu, pomwe kugwedezeka kumachepa, ndipo ndidayang'ana mapu a nsanjika zonse kutsimikiza kuti pamwamba ndi pansi pathu pali zipinda zogona zokhazokha. Nyanja ya North Sea, yomwe tidzaoloka kawiri, imadziwika ndi mafunde, choncho mankhwala a nseru tidzagula tisadanyamuke.

Pa nkhani ya ndalama, mtengo womwe umalembedwa ndi zilembo zazikulu si womaliza. Pa Cunard zonse za m'sitima zimalipidwa m'madola a America, ndipo tsiku lililonse amaonjezera ndalama ya antchito pa bilu yanu, komanso gawo lina pa chakumwa chilichonse. P&O idaphatikiza ndalama ya antchito mu mtengo wa tikiti kuyambira mu 2019, ndipo mitengo ya m'sitima ili m'mapaundi, zomwe zimandithandiza kudziwa pomwe ndaima. Izi sizikutanthauza kuti sindidzapereka kanthu pamanja. Pa ulendo woyamba uja amene ankatipatsa chakudya adali mnyamata wa ku Zimbabwe yemwe adali atatha miyezi yambiri osaona mkazi ndi mwana wake, ndipo ndi iye amene adabweretsera bambo a kunyumba tiyi wa jinja ndi mabisiketi atadwala. Anthu otere ndimafuna kuwathokoza ndekha, maso ndi maso. Intaneti, malo odyera apadera ndi maulendo apamtunda okonzedwa ndi kampani zimalipidwa padera pa sitima zonse zitatu, ndipo ife tagwirizana kulipira ulendo umodzi wokha wapamtunda, wa ku Briksdal.

Norway nayonso imafuna viza kwa ife, ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, koma iyi ndi yotheka: mayuro 90 munthu mmodzi, komanso pamafunika inshuwalansi yotha kukulipirira bilu ya kuchipatala yosachepera mayuro 30,000, yomwe tidaonetsetsa kuti ikukhudzanso ulendo wapanyanja, popeza kuchipatala cha m'sitima munthu amalipira yekha. Lamulo limalola kupempha vizayi kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti ulendo uyambe, choncho ndalemba kale pa kalendala tsiku la mu December loyamba kufunafuna malo ku ofesi yolandira mafomu ku London. Tidasankhanso mtundu wa tikiti titawerenga bwino malamulo a kubweza ndalama, kuti viza ikachedwa tisataye zonse. Nsalu ija ndasoketsabe, chifukwa pa Iona pamakhala usiku umodzi wovala bwino pa sabata, ndipo bambo a kunyumba apereka kale suti yawo kwa telala kuti aikulitse m'chiuno.