Tepi yoyezera, kampeni kodulira ndi kutentha: kuika vinilu pa tisheti osawononga nsalu

Mwezi wa Malichi ukamatha, aliyense amene ali ndi plota (makina odulira zithunzi ndi malembo) ndi prensa (makina omatira zimenezi pa nsalu potentha) ku Ulongué, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete amadziwa kuti tulo tichepa. Magulu a amayi akufuna matisheti a pa 7 Epulo, kenako pabwera 1 Meyi, tsiku la ana pa 1 Juni, ndi 25 Juni. Nthawi yotanganidwa ngati imeneyi m'pamene matisheti amawonongeka kwambiri, ndipo ambiri amawonongeka asanafike n'komwe pa prensa, pamene munthu akusankha kukula kwa chithunzi akuyang'ana pakompyuta, tepi ili gone m'thumba. Vinilu, pulasitiki yopyapyala imene timadulamo zithunzi ndi malembo, ikangomata siibwerera, choncho ntchito yaikulu ichitike nsalu isanatenthedwe.

Chithunzi cha pachifuwa cha munthu wamkulu chikhale masentimita 25 mpaka 28 m'lifupi. Pa XL ndi XXL mungafike pa 30 kapena 32, koma musapitirire, chifukwa malembo akafika m'khwapa amapindika ndipo mawu oyamba ndi omaliza sawerengeka munthu akatsitsa manja. Mwana wa kupulayimale 18 mpaka 20 ndi wokwanira, khanda 10 mpaka 12. Kwaya ikabweretsa matisheti 40 kuyambira S mpaka XXL, musadule onse muyeso umodzi. Dulani miyeso iwiri, wina wa S ndi M, wina wa L kupita m'mwamba. Vinilu yowonjezera ndi yochepa, koma gulu likaima kutsogolo m'tchalitchi kusiyana kwake kumaonekera patali. Ngati mukukayika, dulani pepala la nyuzi muyeso womwewo, mulimate ndi selotepi pa tisheti imene munthu wavala, mubwerere m'mbuyo mapazi asanu n'kuyang'ana.

Tsopano malo ake. Pakati pa tisheti musamapezere pa kalebulo ka kukhosi, chifukwa pa matisheti otchipa ndi a m'kaunjika kamasokedwa mopendekera. Gwirani mapewa awiri, muwalumikize msoko pa msoko, mupinde tisheti pakati n'kuipsinja pa prensa masekondi atatu. Mzere umene watsalawo ndiwo pakati penipeni, ndipo kutentha komweko kwachotsa chinyontho ndi makwinya. Chithunzi nachonso chipindeni pang'ono, mbali yomata ili kunja, mutsine kumwamba ndi kumunsi kwa pulasitiki yoonekera imene yanyamula chithunzicho kuti pakhale tizizindikiro, kenako mugwirizanitse ndi mzere uja.

Kuchokera pamsoko wa kolala kutsika mpaka pamwamba pa chithunzi, wamkulu masentimita 7 kapena 8, omwe ndi pafupifupi zala zinayi. Mwana 4 kapena 5. Pa XXL tsitsani mpaka 9 kapena 10. Ngati khosi lake ndi losongoka ngati V, yambirani pansonga ndipo 4 akwana. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutsitsa kwambiri: tisheti ikayalidwa patebulo, maso amafuna kuika chithunzi pakati pa nsalu yonse, koma ikavalidwa mawu amakathera pamimba. Kumsana tsitsani masentimita 10 mpaka 12. Manambala a timu ya mpira akhale 20 mpaka 25 m'litali, dzina pamwamba pake 5 mpaka 7.

Kachizindikiro ka pamtima, ka sukulu kapena ka bungwe, kasapitirire masentimita 8 mpaka 10. Tsitsani mzere kuchokera pamene kolala ikumana ndi msoko wa phewa, ndipo pakati pa kachizindikiroko pakhale pang'ono pamwamba pa mzere wa m'khwapa. Kamakhala kumanzere kwa wovala, ndiye tisheti ikagona patebulo kachizindikiroko kali kudzanja lanu lamanja. Ambiri apsa nazo zimenezi.

Pa plota, vinilu ya zovala imalowa mbali yonyezimira ili pansi, ndipo chithunzi chimatembenuzidwa ngati pagalasi musanadule. Lembani zimenezi pakapepala, mumate pa makinawo, chifukwa ngakhale katswiri amaiwala akatopa.

Mavuto ambiri a kudula amachokera pa kampeni kotuluka kwambiri. Nsonga yake izingosuzumira, osafika ngakhale theka la kuchindikala kwa khadi la kubanki. Chotsani chogwirira kampeni, muchigwire ngati cholembera, mujambule bwalo pa kachidutswa ka vinilu mukupsinja pang'ono. Vinilu idulike, pulasitiki yapansi ingokandika. Mukatero bwezerani, muyambe ndi mphamvu yochepa, muziwonjezera magalamu 10 nthawi iliyonse mpaka kachidutswa koyesera kamatuke bwino. Kuyesaku kuchitike pa mpukutu uliwonse watsopano, chifukwa vinilu yoyera, yagolide ndi yonyezimira ija sizichindikala mofanana. Kampeni ka nsonga yopendekera madigiri 45 ndi ka vinilu wamba, ka madigiri 60 ndi ka yochindikala monga glitter (yonyezimira ija) ndi flock (yokhala ngati ili ndi ubweya).

Ngodya za malembo zimakuuzani zambiri. Yang'anani chilembo E kapena T pafupi. Ngodya zikatuluka zobulungira, offset, muyeso wa pa plota wowongolera mmene kampeni kamakhotera pa ngodya, ndi yochepa. Zikatuluka ndi tinyanga, yachuluka. Kampeni ka madigiri 45 nthawi zambiri kamafuna offset ya mamilimita 0.25, ka 60 pafupifupi 0.5. Ngati chilembo O sichikutseka, pomwe kampeni kanayambira ndi pomwe kathera patsala kaulusi, wonjezerani pang'ono overcut, muyeso wochititsa kampeni kupitiriza kudula kupyola pomwe kanayambira. Mzere ukamatuluka wodukizaduka ngati wosokedwa ndi makina, mwina nsonga yabenthuka, mwina kalamba ka pulasitiki kamene kali pansi pa njira ya kampeni kakumbika. Pitanipo ndi chala, mukamva ngalande kasintheni.

Fumbi la kuno ndi mdani wina. Kampeni kayenera kuzungulira momasuka m'chogwirira chake, koma fumbi la miyezi ya Seputembala ndi Okutobala likasakanikirana ndi tizidutswa ta vinilu, kamalimba, ndiye m'malo modula kamakoka ndi kung'amba malembo aang'ono. Katulutseni, muuzire, mudontheze kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera. Nyengo youma yomweyo plota zina zimangoima pakati pa ntchito kapena kudula mzere wautali wopanda pake, chifukwa cha magetsi amene amadzikundika pa vinilu ikamakhuzana ndi makina. Lumikizani waya kuchokera ku thupi la plota kupita ku chitsulo cha miyendo yake, ndipo soketi ikhale ndi waya wapansi. Vinilu ikamapendekera poyenda, onani ngati timatayala topanira tili pamwamba penipeni pa malo okhakhala a mkombero, ndipo muyambe mwaiyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo utali wonse wa chithunzi. Mipukutu isungidwe choimirira pamthunzi. Kutentha kwa mumzinda wa Tete, kumene kumapyola madigiri 40 chilimwe chikafika pachimake, kumafewetsa zomatira za mpukutu wosiyidwa pawindo.

Pomatula zotsala, ife a kuno tili ndi vuto lathulathu. Mawu a Chipwitikizi ali ndi tizizindikiro tambiri: kanjoka ka pa ã, kamchira ka pa ç, kamzere ka pa ó mu dzina la Angónia. Chichewa nachonso chili ndi kankhodolero ka mu ng'oma. Timeneti timanyamuka limodzi ndi zotaya, munthu osaona, n'kudzazindikira tisheti itapsa kale. Yambani mwatipanikiza ndi nsonga ya singano pamene mukukoka pang'onopang'ono, ndipo mukamaliza werengani mawu onse poyerekeza ndi pepala la kasitomala, mutatembenuza pulasitiki kuti awerengeke bwino. Malembo ochepera sentimita imodzi ndi bwino kuwakana kapena kusankha olemba monenepa.

Pa prensa, vinilu wamba ngati Siser EasyWeed imafuna madigiri 150 kwa masekondi 10 mpaka 15, kupsinja kwapakatikati. Mitundu ina imasiyana, ina imamatulidwa yotentha, ina itazizira, choncho funsani pogula. Ikamata bwino, maulusi a nsalu amaonekera pang'ono pa vinilu mukayang'ana chopendekera. Ngati ikumatuka m'mbali, kawirikawiri kolala kapena msoko unalowa pansi pa prensa n'kutenga mphamvu yonse. Tulutsani kolala kunja kwa thabwa kapena ikani kansalu kopinda pansi pa chithunzi chokha. Madzulo magetsi akafooka, prensa imachedwa kubwerera pa kutentha kwake, ndiye muzidikira pakati pa tisheti ndi inzake. Majezi a poliyesita ofiira kapena obiriwira amatulutsa utoto akatenthedwa kwambiri, manambala oyera n'kutengera mtundu wa jeziyo patapita masiku. Pamenepo pamafunika vinilu yotchinga utoto kapena yomata pa kutentha kochepa.

Ogwiritsa ntchito simbi angathe, bola ikhale yamagetsi, yopanda nthunzi, patebulo lolimba, pepala lophikira makeke lili pamwamba, n'kupsinja ndi thupi lonse malo amodzi masekondi 15 osaseretsa. Kasitomala muuzeni adikire tsiku lathunthu asanachape, azichapa ataitembenuza, asathire javel (mankhwala oyeretsera zovala), asaimenyetse pamwala, ndipo posita simbi izidutsa kuseri kwa nsalu.