Labu ya Wi-Fi: foni ikakakamira pa AP yakutali

Zokonzekera mayeso a CWDP (satifiketi ya okonza mapulani a netiweki za Wi-Fi) zafika pa gawo la roaming, kutanthauza mmene foni kapena laputopu imasamukira kuchoka pa access point (AP, kachipangizo kofalitsa Wi-Fi) ina kupita pa inzake mwini wake akuyenda. Mu labu muli ma AP atatu, swichi ya PoE (yopereka magetsi kudzera pa waya wa netiweki), seva ya FreeRADIUS (yotsimikizira olowa pa netiweki), ndi laputopu ya Linux yokhala ndi adaputa ya USB yolola monitor mode kuti pulogalamu ya Wireshark izitha kugwira mafelemu (timitolo ta data toyenda pa mafunde).

Mfundo yomwe gawo lonseli latsamirapo ndi yakuti wosankha nthawi yosamuka ndi foni, osati AP. iPhone imayamba kufunafuna AP ina signal ikatsika kufika pa -70 dBm (muyezo wa mphamvu ya signal), pomwe Mac imadikira mpaka -75 dBm. Tsono AP mukaitsegulira mphamvu zonse, foni imaimvabe bwino ili zipinda ziwiri kutali, n'kukakamira pomwepo ngakhale AP ina ili pamutu pake penipeni. Foniyo mphamvu yake yotumizira ndi yochepa, ndiye AP imalankhula mofuula koma yankho imalimva movutikira. Pafoni timizere ta netiweki timaoneka todzadza, chonsecho mawu akudukaduka. Umboni wake umapezeka mu Wireshark: lembani wlan.fc.retry == 1 muwerenge mafelemu obwerezedwa. Akapitirira 10 pa 100 alionse, vuto lilipo ndithu.

Mankhwala ake ndi kutsitsa mphamvu, osati kuwonjezera. Pa 5 GHz tayika 14 dBm, pa 2.4 GHz tatsitsa ndi 6 dB ina chifukwa mafunde ake amafika patali komanso amaboola makoma mosavuta. Kumbukirani kuti kuchotsa 3 dB ndi kudula mphamvu pakati. Cholinga n'chakuti paliponse pomwe munthu angaimbe foni pakhale -67 dBm kapena kuposerapo ndi SNR (kusiyana kwa signal ndi phokoso) yosachepera 25 dB, ndipo signal ya AP yoyamba isanazilale, yachiwiri ikhale ikumveka kale bwino.

Kenako tathimitsa ma data rate akale a 1, 2, 5.5 ndi 11 Mbps, n'kuyika 12 Mbps kukhala yotsikitsitsa. SSID (dzina la netiweki ya Wi-Fi) iliyonse imatumiza beacon (felemu yolengeza kuti ilipo) pakatha 102.4 ms iliyonse pa liwiro lotsikitsitsalo, choncho ma SSID asanu ndi limodzi pa 1 Mbps amadya nthawi yambiri munthu asanatsegule ngakhale tsamba limodzi. Koma apa ambiri amasokonezeka. Kuthimitsa ma rate amenewa sikuchepetsa mtunda womwe ma AP a pa channel imodzi amamverana, popeza preamble (chiyambi) ya felemu iliyonse imatumizidwabe pang'onopang'ono, ndipo aliyense woimva amayamba wadikira. Vutoli limachepa pokonza ma channel: 1, 6 ndi 11 pa 2.4 GHz, ndipo pa 5 GHz pomwe ma AP achuluka, 20 MHz ndi yabwino kuposa 80 MHz.

Za makoma, musadalire manambala omwe amabwera kale mu Ekahau kapena pulogalamu ina yojambulira. Khoma la njerwa zootcha lopakidwa simenti mbali zonse limameza signal mosiyana kwambiri ndi makoma a gypsum omwe ali m'maofesi ambiri akunja. Imikani AP mamita angapo kuchoka pakhoma, yezani kutsogolo kwake, yezaninso kuseri, ndipo kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye mulembe mu pulani. M'nyumba za malata AP izikhala kunsi kwa siling'i, osaibisa m'denga.

Mbali yokoma kwambiri yakhala 802.11r, njira yofulumizitsa kusamuka. Popanda iyo, foni ikasamuka pa netiweki ya 802.1X (yomwe aliyense amatsimikiziridwa ndi seva) yopanda key caching (kusunga makiyi akale) imabwereza zonse: kudzitsimikizira kwa EAP mpaka ku seva ya RADIUS, kenako 4-way handshake (kugwirizana makiyi ndi AP). Ikayatsidwa, pamangodutsa mafelemu anayi, awiri a Authentication ndi awiri a Reassociation, ndipo kusamuka kumatha kulowa pansi pa 50 ms yomwe mawu amafuna. Kuti muone zimenezi pafunika adaputa imodzi pa channel iliyonse. Ndi imodzi yokha mumaona foni ikuchoka koma osaona komwe yafikira. Maprinta ndi masikana akale ena sagwirizana ndi 802.11r, choncho ndi bwino kuwapatsa SSID yawoyawo. Mukaona chipangizo chikuthothoka, sefani ndi wlan.fc.type_subtype == 0x000c muwerenge reason code. Nambala 15 imasonyeza kuti 4-way handshake sinamalizike pa nthawi yake, ndipo pa netiweki ya pasiwedi kawirikawiri ndi pasiwedi yolakwika.

Swichi nayo muiyang'ane. 802.3af imapereka 15.4 W pa poti, 802.3at imapereka 30 W. Ma AP ambiri a Wi-Fi 6 akalandira magetsi ochepa amayaka ndithu, koma amathimitsa mwakachetechete wailesi ina kapena kuchepetsa ma spatial stream (mitsinje ya data yotumizidwa nthawi imodzi), inu n'kumasakasaka vuto kolakwika.

Chotsatira ndi DFS, ma channel 52 mpaka 144, komwe AP imayamba yamvetsera masekondi osachepera 60 ngati kuli radar isanayambe kutumiza. Tisanayatse ma channel amenewo tiyamba tawerenga zomwe MACRA imalola pa 5 GHz kuti country code ya ma AP ikhale yolondola.